Mlandu suola kwa mfumu, koma ku ofesi umaola

Akuluakulu adati mlandu suola. Mawuwa ngoona pa bwalo la mfumu, pakuti munthu amene adalandidwa dimba chaka cha njala angathe kudzadzutsa nkhaniyo adzukulu ake atakula, ndipo nyakwawa idzaitana nkhalamba zomwe zidaona malire kuti zidzanene zomwe zikudziwa. Koma anthu ambiri a m'midzi ya m'malire muno, ku Angonia, Tsangano, Makanga ndi Chifunde, atenga mwambi umenewu napita nawo ku maofesi a boma kumene sugwira ntchito. Kumeneko mlandu umaola, ndipo umaola msanga, chifukwa lamulo lidaika masiku oti munthu wokanidwa apereke dandaulo lake. Amene akupwetekeka kwambiri ndi kusadziwa zimenezi ndi anthu olumala, omwe amapita kukapempha chithandizo cha ndalama, nabwezedwa pa windo, nabwerera kumudzi kukakhala pansi poganiza kuti nkhaniyo adzaiyambanso akadzapeza ndalama ya ulendo.

Nkhani yake imafanana pafupifupi mudzi uliwonse, chosintha ndi dzina la munthu basi. Bambo wagwira ntchito zaka zinayi kapena zisanu pa kampani ina ku Moatize kapena ku Tete, mwezi uliwonse akumudula ndalama pa malipiro ake. Tsiku lina wagwa ndi matenda opha ziwalo, mbali imodzi yafa, dzanja silikugwiranso fosholo. Abale apita kukamutenga kuti adzamudwazike kumudzi. Patapita miyezi, mwana wa mlongo wake wagulitsa thumba la mbatata ya kachewere, wamukweza shapa kupita naye ku ofesi. Mnyamatayo ndiye walowa kukafunsa, poti ndiye amamvako Chipwitikizi, ndipo posakhalitsa watuluka nkhope ili yakugwa.

"Malume, akuti dzina lanu silikuoneka."

"Silikuoneka bwanji, poti ankandidula mwezi ndi mwezi?"

"Kaya, malume. Angoti tibwerenso tsiku lina."

"Basi mphwanga, tiye tizipita, shapa ingatisiye. Boma likakana lakana."

Atero anthu awiriwo nabwerera, opanda ngakhale kapepala kosonyeza kuti adafika pa ofesipo tsiku lakutilakuti. Mvula igwa kawiri bamboyo ali pa khonde, akudya kwa mlongo wake, ana ake atasiya sukulu chifukwa chosowa makope. Chikhalirecho ndalama zomwe ankadulidwa zija zili komwe zidasungidwa, ndipo mwina chomwe chidatsekereza ndi chilembo chimodzi chokha pa dzina lake.

Anthu otere sali ochepa. Kalembera wa 2017 adapeza anthu olumala oposa 700,000 m'dziko muno, ndipo mabungwe a olumala amati chiwerengero chenicheni nchoposa pamenepo. Ena adabadwa choncho, ena adaponda mabomba okwirira a nkhondo yomwe idatha mu 1992, ena ndi a matenda, enanso ndi a ngozi za njinga zamoto zomwe zachuluka m'misewu ya fumbi. Malamulo aakulu a dziko, Constituição, sadawaiwale. Ndime 37 imati olumala ali ndi ufulu wonse monga nzika ina iliyonse. Ndime 95 imati nzika ili ndi ufulu wothandizidwa ikalumala kapena ikakalamba. Ndime 62 imati boma liyenera kuonetsetsa kuti nzika zikutha kufika ku khoti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo ku Maputo idavomerezanso lamulo lapadera loteteza ufulu wa anthu olumala. Zonsezi zili pa pepala, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Khomo lake ndi liti?

Chinthu choyamba chomwe chimasokoneza anthu nchakuti chithandizo cha wolumala sichitulukira khomo limodzi. Munthu akagogoda pa khomo lolakwika amabwezedwa, ndipo amapita akulira kuti boma lamukana pamene kwenikweni sadapemphe nkomwe.

Khomo loyamba ndi la INSS, Instituto Nacional de Segurança Social. Ili ndi la anthu amene adagwirapo ntchito yolembedwa pa kampani, pa sitolo, pa bungwe kapena kwa bwana wina aliyense amene adawalembetsa. Pa mametikali 100 alionse a malipiro, wantchito amadulidwa 3 ndipo bwana amaonjezera 4, zonse pamodzi 7. Ndalamazi si mphatso yopita ku boma ayi, ndi nkhokwe ya wantchitoyo. Akadwala kapena kulumala mpaka kulephereratu ntchito asadafike zaka zolandirira penshoni ya ukalamba, ali ndi ufulu wopempha penshoni ya kulumala, yomwe pa Chipwitikizi amati pensão por invalidez. Lamulo limafuna kuti akhale atapereka miyezi yosachepera 30 m'kati mwa zaka zisanu zomaliza asadalumale, ndiponso kuti gulu la madokotala a boma lotchedwa Junta de Saúde litsimikize kuti sangathenso kugwira ntchito. Telala, kalipentala kapena wogulitsa pa msika angathenso kudzilembetsa yekha, nkumapereka 7 yonseyo kuchokera m'thumba mwake.

Khomo lachiwiri ndi la munthu amene adavulala ali pa ntchito, monga kudulidwa zala ndi makina a chigayo kapena kugwa pa nyumba yomwe ankamanga, ndiponso amene adadwala matenda obwera ndi ntchitoyo monga chifuwa cha fumbi la m'migodi. Apa wolipira ndi bwana kudzera ku kampani ya inshuwalansi, yomwe kuno amati seguro, pakuti lamulo limakakamiza wolemba ntchito kuika antchito ake onse pa seguro ya ngozi. Ndondomeko yake ili mu Decreto 62/2013. Bwana amene sadalipire seguro sapulumuka, amalipira yekha. Ngozi iyenera kunenedwa kwa bwana msangamsanga, ndipo ngati iye akuzemba, oyenera kuuzidwa ndi a Inspecção do Trabalho ndi a ku Procuradoria. Ambiri amadzitsekera okha khomo limeneli polandira kandalama ka m'manja ali chigonere m'chipatala, nadinda chala pa pepala lomwe palibe adawawerengera.

Khomo lachitatu ndi la INAS, Instituto Nacional de Acção Social, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1997. Ili ndi la anthu amene sadagwirepo ntchito yolembedwa, monga alimi ambiri a kuno, ndipo alibe mphamvu yolimira ngakhale wowadyetsa. Chithandizo chake chodziwika ndi Subsídio Social Básico, chomwe nkhalamba zimachikumbukira ndi dzina lakale la subsídio de alimentos. Mu 2018 ndalamayi idaikidwa pa mametikali 540 pa mwezi kwa munthu wokhala yekha, nkumakwera malinga ndi kukula kwa banja kufika pa 1,000. Ndi yochepa, koma kwa gogo wosaona ndiyo ya sopo, mchere ndi chigayo. Mayina amalowa kudzera mwa permanente, munthu wa m'mudzi momwemo amene amalumikiza anthu ndi ofesi. Kulowa kumatengera ndalama zomwe boma lapatula chaka chimenecho, kotero kuti woyenera angathe kudikira, ndipo pakhala zaka zina zomwe malipiro adachedwa miyezi yambiri. Koma kudikira ndi kwina, kufufutidwa pa mndandanda popanda chifukwa ndi kwinanso, ndipo kwachiwiriku munthu ali ndi ufulu wofunsa.

Aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma ali ndi njira yawoyawo ya penshoni, chimodzimodzinso asilikali amene adalumala pa nkhondo, omwe nkhani zawo zimadzera ku ofesi za Combatentes.

Zopunthwitsa za kuno kumalire

Pali miyala ina yomwe imapunthwitsa anthu a m'malire kuposa a kwina. Waukulu ndi dzina. Munthu mmodzi yemweyo pa khadi la ubatizo ndi Mwale, pa biliyete ndi Muale, pa mabuku a kampani mlembi adalemba mwanjira yachitatu. Phiri amasanduka Piri, Chimwemwe amasanduka Chimuemue. Ku mudzi aliyense akudziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kompyuta ya ku ofesi ilibe mudzi, ikaona chilembo chasiyana imati ndi anthu awiri. Nchifukwa chake wina akauzidwa kuti dzina lake silikuoneka, afunse kuti alifufuze ndi nambala yake ya INSS, yomwe imalembedwa pa khadi la wantchito ndipo kawirikawiri imapezekanso pa mapepala a malipiro.

Mwala wachiwiri ndi wa kubadwa. Nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi miliyoni adathawira ku Malawi, ndipo ana ambiri a kuno adabadwira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza. Pobwerera kumudzi nkhondo itatha, ena sadalembetsedwe ku Registo Civil, ena adalembetsedwa mochedwa ndi chaka chongoyerekeza. Anawo lero ndi abambo ndi amayi a mabanja. Wopanda sedula sapeza biliyete, ndipo wopanda biliyete amavutika pa khomo lililonse mwa atatu aja. Banja lomwe lili ndi wolumala liyambe ndi pepala limeneli lisadaganize za penshoni.

Mwala wachitatu ndi wa chipatala. Kwa midzi yambiri ya ku Tsangano ndi ku Domwe, chipatala cha tsidya lija nchapafupi kuposa cha kuno, kotero wodwala amathamangira naye ku Ntcheu kapena ku Dedza. Palibe cholakwika pamenepo, moyo ndiwo woyamba. Koma kabuku ka chipatala ka ku Malawi nkolembedwa m'Chingerezi ndipo pakokha sikatulutsa penshoni m'dziko muno. Wodwalayo akapezako bwino apite nako ku chipatala cha kuno, monga cha Ulongwe, kuti dokotala amuone, amutsekulire fayilo, ndipo ngati nkoyenera amutumize ku Junta ku Tete. Ulendo wa ku Tete ndi wa makilomita oposa 200 ndipo kwa munthu wopuwala ndi wowawa, koma popanda pepala la Junta nkhani ya penshoni ya kulumala siyenda. Kabuku kakaleko asakataye, chifukwa ndiko kamasonyeza tsiku lomwe matenda adayamba, ndipo miyezi 30 ija imawerengedwa kubwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi yomwe munthu adalephera ntchito.

Wina aliponso amene adagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji, kapena pa famu ya ku Chipata. Zaka zimenezo sizilowa m'mabuku a INSS. Ngozi yomwe idachitikira kumeneko imatsatidwa ndi malamulo a dzikolo, ku ofesi yoona za antchito ya komweko.

Mwala wotsiriza ndi bwana amene ankadula ndalama pa malipiro koma osazipereka ku INSS. Izi zimachitika, ndipo wantchito amazidziwa tsiku lomwe wavutika. Ngongoleyo ndi ya bwana, si ya wantchito ayi, koma pamafunika umboni wakuti munthuyo ankagwiradi ntchito ndipo ankadulidwadi. Umboni wake ndi mapepala a malipiro, kontarato, khadi la pa ntchito, ndi anzake omwe ankagwira nawo. Amene akadali pa ntchito lero asamayatsire moto mapepala a malipiro, ndipo kamodzi pa chaka azikafunsa ku INSS kuti amuonetse miyezi yomwe yalowa pa nambala yake.

Ayi wa pakamwa sapita ku khoti

Pano ndiye pagona nkhani. Munthu akabwezedwa pa windo ndi mawu a pakamwa, pamaso pa lamulo zili ngati sadabwere nkomwe. Palibe woweruza angaweruze mawu omwe adauluka ndi mphepo. Njira yake ndi kupempha molemba, ndi kalata yomwe kuno amati rekerimento. Kalatayo ikhale iwiri yofanana. Imodzi itsale ku ofesi, inayo aidinde karimbo, alembepo tsiku ndi kusaina, ndipo mwini wake abwerere nayo kunyumba. Lamulo 14/2011, lomwe limalongosola momwe maofesi a boma ayenera kugwirira ntchito ndi anthu, limati ofesi iyenera kuyankha pempho m'nthawi yoikika, ndipo ikakana iyenera kunena zifukwa zake. Kupempha yankho lolemba si mwano kapena kuderera wantchito wa boma. Ndi ufulu, ndipo munthu angathe kupempha mwaulemu, chipewa chili m'manja.

Yankho lokana likafika, chinthu choyamba ndi kulemba penapake tsiku lomwe lalandiridwa, chifukwa masiku odandaulira amayamba kuwerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo pa nkhani zina ndi masiku owerengeka chabe. Kudikira kuti fodya agulitsidwe kaye kapena kuti msewu uume ndiko kuoletsa mlandu.

Makwerero ake ali motere. Poyamba munthu amadandaula kwa yemweyo amene wakana, kumupempha kuti aonenso bwino, makamaka ngati pali pepala lomwe lidasowa ndipo tsopano lapezeka. Pa Chipwitikizi amati reclamação. Nkhani zambiri zimathera pomwepa, chifukwa chokanitsa kawirikawiri chimakhala dzina, tsiku kapena pepala limodzi. Zikakanika, dandaulo limakwera kwa wamkulu wa amene wakanayo. Uku ndiko kuchita rekurso, chomwe a tsidya lija amati apilo. Zikakanikanso, patsala khoti. Nkhani za ngozi za pa ntchito zimapita ku khoti loona za ntchito, pamene zigamulo za maofesi a boma zili ndi khoti lakelake, Tribunal Administrativo, lomwe m'chigawo chino lili ku Tete. Ofesi ikangokhala chete mpaka nthawi ya lamulo itapitirira, munthu asamati poti sadandiyankhe ndilibe chochita, pakuti lamulo limalola kudandaula za chete ameneyo. Apa mpomwe kalata ya karimbo ija imasanduka mboni, poti ndiyo imanena tsiku lomwe pempho lidalowa.

Bwalo la mfumu ndi tribunal comunitário ali ndi ntchito yawo, ndipo angathe kuthandiza ngati mbale akudya ndalama ya wolumala. Koma sangalamule INSS kapena kampani ya seguro kuti ilipire. Kudziwa khoti loyenera, masiku otsala ndi mawu oyenera kulemba si nzeru ya munthu wamba, ngakhale amene adafika patali ndi sukulu. Mutu umodzi susenza denga.

Loya wa munthu wosauka

Anthu ambiri akamva za loya, kapena advogado monga amanenera kuno, amaganiza za ng'ombe yomwe alibe. Sadziwa kuti boma lili ndi ofesi yomwe ntchito yake ndi kuimirira osauka. Dzina lake ndi IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, ndipo idakhazikitsidwa ndi lamulo 6/94 mu 1994. Ili ndi ofesi yaikulu ya chigawo ku Tete ndi nthambi m'maboma ambiri, ndipo a ku khoti la boma kapena ku Administração angathe kulozera munthu komwe ili. Ambiri amaidziwa ngati ya anthu omangidwa okha, poti ndiwo amaoneka nayo ku khoti, koma imathandizanso pa nkhani za ntchito, za mabanja, za chuma cha masiye ndi za madandaulo otsutsa chigamulo cha ofesi.

Kwa munthu wosowa, chithandizo cha IPAJ nchaulere. Chofunika ndi kusonyeza kuti alibedi ndalama yolipirira loya, ndipo pepala lake ndi atestado de pobreza, lomwe limayambira kwa mfumu kapena sekeretariyo wa dera ndi kutsimikizidwa ndi akuluakulu a boma. Pepala lomwelo limathandizanso popempha kuti khoti lisamulipiritse ndalama za mlandu.

Popita kumeneko munthu atenge chilichonse chomwe ali nacho: biliyete kapena sedula, khadi la INSS, mapepala a malipiro ngakhale atang'ambika, mabuku a chipatala a kuno ndi a tsidya lija, pepala la Junta ngati lilipo, kalata ya karimbo, ndi yankho lokana. Afotokoze nkhani yonse mwa dongosolo, kuyambira chaka chomwe adayamba ntchito, osabisa kanthu. Ngati adalandirapo kandalama kwa bwana kapena adadinda chala pa pepala lina, anene, chifukwa womuimirira akadzazimva koyamba kuchokera kwa mbali inayo m'khoti, mlandu umavuta. Asadatuluke afunse dzina la amene watenga nkhani yake ndi tsiku loti adzabwerenso.

Ntchito ya a IPAJ ndi kuuza munthu ngati ali ndi mlandu kapena ayi, kumulozera khomo loyenera, kumuwerengera masiku otsala, kumulembera dandaulo m'Chipwitikizi cha malamulo, ndi kumuimirira ku khoti ngati nkhani yafika kumeneko. Sangalonjeze kupambana, ndipo nthawi zina adzanena chilungamo chowawa, monga chakuti miyezi yomwe munthu adapereka sikukwana. Ngakhale yankho lotere lili ndi phindu, chifukwa banja limaleka kutaya ndalama pa maulendo opanda pake nkutembenukira ku khomo la INAS. Antchito a IPAJ ndi ochepa ndipo milandu ndi yambiri, kotero mwini nkhani kapena mbale wake azipita kukafunsa momwe ikuyendera, osati kungosiya mapepala nkukagona.

Pa nkhani ya ngozi ya pa ntchito, Procuradoria nayonso ili ndi udindo woteteza wantchito wovulala ndi banja lake. Ndipo ngati ofesi ya boma ikungozengereza chaka ndi chaka, pali buku la madandaulo lomwe ofesi iliyonse iyenera kukhala nalo, komanso Provedor de Justiça, mkulu amene amalandira madandaulo a nzika pa kagwiridwe ka ntchito ka maofesi a boma. Iyeyu sagamula ngati khoti, koma amafunsa ofesiyo ndi kuilangiza kuti ikonze.

Anthu oyenera kuwachenjerera

Pamene pali njala pamabweranso afisi. Pafupi ndi maofesi pamakhala anthu ena ovala bwino, onyamula chikwama cha mapepala, omwe amati amadziwana ndi akuluakulu ndipo angathe kufulumizitsa penshoni ngati apatsidwa kangachepe kapena theka la ndalama zoyamba. Ena amatenga biliyete ndi khadi la munthu nasowa nazo. Kupempha penshoni ku INSS kapena kulembetsa ku INAS sikugulidwa, ndipo aliyense wofuna mbuzi kapena ndalama kuti alowetse dzina pa mndandanda akuba. Mapepala enieni asachoke m'manja mwa mwini wake, kopereka ndi fotokope. Ndalama iliyonse yomwe yaperekedwa pa ofesi, monga ya kutsimikiza fotokope, ituluke ndi lisiti.

Afisi ena ali m'nyumba momwe. Wolumala amene sangathe kuyenda amatuma mbale kuti azikamulandirira, ndipo pamapezeka kuti ndalama ikuthera ku mowa pamene mwini wake akugona ndi njala. Kutuma munthu kumachitika ndi kalata ya lamulo yotchedwa procuração, ndipo amene adaipereka angathenso kuithetsa. Olandira penshoni akumbukirenso kuti chaka chilichonse pali prova de vida, kukaonekera kuti akadali ndi moyo. Wojomba amaimitsidwa malipiro, ndipo ena amaganiza kuti alandidwa penshoni pamene chofunika ndi kukaonekera basi. Wodwala wosatha kudzuka, abale akadziwitse ofesi nthawi isadathe.

Palinso amene sangathe kudzinenera okha: osamva ndi osalankhula, odwala misala, ndi ana obadwa olumala omwe makolo ena amawabisa kuseri kwa nyumba. Awa ndiwo amasiyidwa kwambiri pa mindandanda. Mafumu, a mipingo ndi a permanente akamalemba mayina afike mpaka m'nyumba zoterozo. Mabungwe a olumala monga ADEMO, ACAMO ya anthu osaona, ndi ADEMIMO ya asilikali olumala, omwe amakumana m'bungwe lalikulu la FAMOD, ali ndi anthu amene adayendapo kale njira zimenezi, ndipo kuperekezedwa ndi munthu wodziwa khomo kumachepetsa maulendo.

Bambo wa ku Moatize uja akadatuluka tsiku lija ndi kalata ya karimbo m'thumba, mphwake akadapita nayo ku IPAJ pamodzi ndi mapepala a malipiro, ndipo mwina pakadapezeka kuti Mwale wa pa khonde ndi Muale wa m'kompyuta ndi munthu mmodzi. Kwa amene adabwezedwa kale ndipo papita mvula ziwiri kapena zitatu, mawu ndi akuti asataye mtima osafunsa. Ngati adakanidwa ndi pakamwa pokha, angathe kupempha molemba tsopano. Ngati adakanidwa molemba ndipo masiku adapitirira, a malamulo ndiwo anganene ngati patsala njira, ngakhale kuti ndalama za miyezi ina yapitayo zingathe kutayika. Safunsa adadya phula. Mwana wa sukulu amene wawerengera makolo ake tsamba lino awathandize kufufuza m'chikwama chakale ndi pansi pa mphasa, asonkhanitse mapepala onse a wolumala wa pakhomopo, awaike m'pulasitiki kuti chiswe ndi mvula zisawapeze, ndipo ulendo wa ku boma ukonzedwe mwezi uno.

Sabata yamawa tsamba lino lidzakamba za amayi amasiye ndi ana, ndi zomwe ayenera kuchita kuti alandire penshoni ya bambo amene adamwalira ali pa ntchito.